Kodi N'chifukwa Chiyani Perete Safanana ndi Nkhondo?

Ana inu, munaonapo asilikali akuguba pa perete? Kaya ndi pabwalo la zamasewero tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, kaya ndi pa wailesi yakanema, zimakhala zosiririka. Majombo ali waliwali, mizere yawongoka bwinobwino, ndipo phazi la munthu woyamba ndi la munthu womaliza amagunda pansi nthawi imodzi. Mwana akaona zimenezi mtima umachita dyokodyoko, n'kumati ndikadzakula ndidzakhala msilikali basi.

Alembi a mabuku ndi opanga mafilimu a nkhani za nkhondo amaudziwa mtima umenewu. N'chifukwa chake ambiri mwa iwo amationetsa malo awiri. Oyamba ndi kukampu, kumene mnyamata amamumeta mpala, kumupatsa yunifolomu, n'kumuphunzitsa kuguba ndi kugwira mfuti. Achiwiri ndi kunkhondo kwenikweniko. Akatifikitsa kumeneko timayamba kuona kuti mnyamata uja, ngakhale anakhoza zonse kukampu, wafika kudziko lachilendo limene palibe amene anamuuza za ilo. Tiyeni tione mmene alembi ena anaionetsera nkhaniyi, komanso chifukwa chake zimakhala choncho.

Paul ndi Kopolo Himmelstoss

Buku lotchuka kwambiri pa nkhani imeneyi analemba ndi Mjeremani wina, Erich Maria Remarque. M'Chijeremani dzina lake ndi *Im Westen nichts Neues*, ndipo m'Chingerezi limadziwika kuti *All Quiet on the Western Front*. Linatuluka mu 1929. Remarque sanalembe zongomva kwa ena ayi. Anabadwa mu 1898 mumzinda wa Osnabrück, anamulemba usilikali mu 1916 ali ndi zaka 18, ndipo pa 31 Julaye 1917 zidutswa za bomba zinamuvulaza moti anakagona m'chipatala nthawi yaitali. Imeneyi inali nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inayamba mu 1914 n'kutha mu 1918.

Anthu a m'bukuli ndi opeka, koma zimene amakumana nazo n'zimene asilikali a nthawiyo ankazidziwa. Wofotokoza nkhani ndi mnyamata wotchedwa Paul Bäumer. Iye ndi anzake a m'kalasi imodzi analowa usilikali chifukwa mphunzitsi wawo, bambo Kantorek, ankawalalikira tsiku ndi tsiku kuti mnyamata weniweni amapita kukamenyera dziko lake. Mmodzi mwa iwo, Joseph Behm, sankafuna, koma anaopa kuti amutcha wamantha. Anapita, ndipo anali mmodzi mwa oyamba kufa.

Asanapite kunkhondo, anyamatawa anakhala milungu 10 kukampu. Kumeneko anagwa m'manja mwa Kopolo Himmelstoss, munthu wamfupi amene nkhondo isanayambe ankagwira ntchito yoperekera makalata a positi. Atangovala mikwingwirima ya ukopolo anasanduka munthu wankhanza. Tsiku lina anamuyalitsa Paul bedi maulendo 14 m'mawa umodzi, ulendo uliwonse n'kumapeza chifukwa chosasulira. Anamukwechetsa chipinda chodyera akopolo ndi mswachi. Anamutuma iye ndi mnzake Kropp kuti asese chipale chozizira pabwalo lonse la kampu ndi kaburashi kam'manja. Ankawatengera kumunda wolimidwa kumene, wamatope, n'kumawalamula kuti athamange, agone pansi, adzuke, athamangenso, mpaka thupi lonse lili matope okhaokha. Patangopita maola ochepa ankafuna aonekere pamaso pake zovala zili zoyera.

Taonani zimene zinali zofunika kukampu: batani lowala, bedi loyalidwa bwino, sawatcha wochitidwa moyenera. Mnyamata akalakwitsa, chilango chake chinali kutukwanidwa kapena kuthamangitsidwa. Zinali zowawa ndithu, koma madzulo aliyense ankakagona ali moyo.

Zimene palibe anawaphunzitsa

Kunkhondo anyamatawa anapeza kuti palibe woguba. Asilikali ankakhala m'ngalande zakuya zimene anakumba kuyambira kugombe la nyanja ku Belgium, kudutsa m'dziko la France, mpaka kumalire a Switzerland. M'ngalandemo munali matope, nsabwe, ndi makoswe onenepa amene ankalimbirana nawo buledi. Munthu woimirira njo monga amachitira pa perete ndiye anali woyamba kulasidwa.

Mphunzitsi weniweni wa Paul sanali Kantorek, sanalinso Himmelstoss. Anali bambo wina wa zaka 40, wosoka nsapato, dzina lake Stanislaus Katczinsky, amene anzake ankangomutcha Kat. Munthuyu analibe maonekedwe a msilikali wa pachithunzi. Koma ankadziwa kumene kungapezeke chakudya pamene aliyense wagona ndi njala, ankadziwa kusankha malo obisala, ndipo ankamva m'thupi mwake kuti usiku uno mizinga ilira. Paul amanena kuti kusukulu anawadzaza mitu ndi maphunziro ambiri, koma panalibe amene anawaonetsa kakolezedwe ka moto ndi nkhuni zonyowa.

Luso lalikulu kuposa onse linali la makutu. Mabomba oponyedwa ndi mizinga salira mofanana. Lina limabangula koopsa koma likupita kutali, kukagwa kumbuyo kwenikweni. Lina limangoimba kamluzu kakang'ono, ndipo limenelo ndi limene likubwera pomwe uli. Msilikali wokhalitsa ankasiyanitsa, moti thupi lake linkadzigwetsa lokha pansi mutu usanaganize n'komwe. Anyamata ongofika kumene ankachita zosemphana. Ankanjenjemera ndi mabomba aphokoso aja, kamluzu kaja osakamva. M'malo momwazikana ankaunjikana pamodzi chifukwa cha mantha, ndiye bomba limodzi linkawapeza onse.

Ndiye panalinso mpweya wa poizoni, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri mu 1915. Kukampu ankawaphunzitsa kuvala chophimba kumaso choteteza ku mpweyawu. Chimene anyamata atsopano sankadziwa n'chakuti mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapumawu, kotero umatsikira m'maenje n'kukhalamo nthawi yaitali. Mnyamata ali m'dzenje ankaona anzake kumtunda avula zophimba zawo, nayenso n'kuvula, osadziwa kuti pansi pomwe alipo poizoni akadalipo. Remarque amalemba kuti pa msilikali wokhalitsa mmodzi amene ankafa, atsopano ankafa asanu mpaka khumi. Gulu la Paul linapita kutsogolo lili ndi anthu 150, ndipo pa nkhondo ina yoopsa linabwerako ndi anthu 32 okha.

Pali malo ena m'bukuli amene amandikhudza kwambiri. Mnyamata wina wamng'ono, usiku wake woyamba kumva mabomba akugwa pafupi, anachita mantha mpaka anadziipitsira m'buluku. Paul sanamuseke. Anamufungatira, anayesa kumuvekanso chipewa chake chachitsulo, ndipo anamuuza kuti zimenezi zinachitikirapo anthu ambiri olimba mtima. Ndikufuna mukumbukire zimenezi, ana inu, mukamaonera mafilimu ena amene msilikali mmodzi amagonjetsa adani zana ali kumwetulira. Anthu amene anakhalako kunkhondo salemba choncho.

Nanga bwanji osangowaphunzitsa zenizeni?

Ili ndi funso labwino, ndipo akuluakulu a asilikali akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Yankho lake n'lakuti chinthu chachikulu cha nkhondo sichingabweretsedwe kukampu. Kukampu palibe amene akufuna kukupha. Mphunzitsi angakalipe motani, ntchito yake ndi yoti aliyense abwerere wamoyo. Nthawi zambiri poyeserera nkhondo amagwiritsa ntchito zipolopolo zongolira koma zosalasa. Akamawombera zenizeni pamakhala malamulo okhwima a kumene mfuti iyenera kuloza, ndipo achipatala amakhala pafupi. Wophunzira aliyense amadziwa mumtima mwake kuti nthawi ikakwana wina alamula kuti basi, zatha, tiyeni tikadye.

Zili ngati kuphunzira kusambira utagona pamchenga m'mbali mwa nyanja. Ukhoza kudziwa kaponyedwe ka manja ndi miyendo, ndipo n'kothandiza ndithu. Koma kuzizira kwa madzi, mafunde okumenya kumaso, ndi kudziwa kuti pansi sipakupondeka, zimenezo umakumana nazo tsiku limene walowamo.

Mantha enieni amasintha thupi. Munthu akaona kuti moyo wake uli pangozi, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, kukamwa kumauma, manja amanjenjemera, ndipo zala zimalephera ntchito zing'onozing'ono zimene dzulo zimachita mosavuta. Maso amangoyang'ana chinthu chimodzi choopsacho, zam'mbali osaziona. Onjezani pamenepo phokoso logonthetsa m'kutu moti lamulo la mtsogoleri silikumveka, utsi ndi fumbi zobisa chilichonse, njala, ndi masiku angapo osagona. Komanso mdani si chipika. Nayenso amaganiza, amabisala, amasintha njira, ndipo sachita zimene buku la malangizo linanena kuti adzachita.

Mlembi wina wa ku America, Stephen Crane, anaimvetsa bwino nkhani ya manthayi. Buku lake, *The Red Badge of Courage*, linatuluka mu 1895, ndipo limakamba za nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Chodabwitsa n'chakuti Crane anabadwa mu 1871, nkhondoyo itatha kale, ndipo pomwe ankalemba anali asanaonepo nkhondo iliyonse. Komabe asilikali akale atawerenga ambiri ankaganiza kuti mlembiyo anali nawo limodzi. Mnyamata wa m'bukuli, Henry Fleming, amakhala miyezi kukampu akungoguba, mpaka kutopa nazo. Usiku funso limodzi limamusowetsa tulo: kodi tsikulo likadzafika ndidzaima kapena ndidzathawa? Kugubako sikungamuyankhe. Adani ataukira koyamba amaima n'kuwombera limodzi ndi anzake, ndipo amadziona ngati ngwazi. Atabweranso kachiwiri, amataya mfuti n'kuliyatsa liwiro. Bala lokhalo limene amalandira tsikulo ndi la msilikali mnzake wothawa amene anamumenya ndi thendere la mfuti m'mutu. Pambuyo pake Henry yemweyo amabwerera n'kunyamula mbendera patsogolo pa gulu lake. Munthu mmodzi, wamantha lero, wolimba mtima mawa. Palibe mayeso a kukampu amene akanalosera zimenezi.

Remarque naye anaonetsa zomwezi kudzera mwa Himmelstoss. Kopolo wankhanza uja tsiku lina anatumizidwa kunkhondo. Mabomba atayamba kugwa ndipo anthu akutuluka kukakumana ndi adani, Paul anamupeza atadzipanikiza pakona ya dzenje lobisalamo, ali ndi kabala kakang'ono, akunamizira kuti wavulala kwambiri. Munthu amene ankaphunzitsa ena usilikali anauma ndi mantha. Koma mlembiyu sanamusiye pamenepo kuti tizingomuseka. Himmelstoss anadzuka, anamenya nawo nkhondo, ndipo mnzake wa Paul, Haie Westhus, atavulala koopsa, iye ndi amene anathandiza kumunyamula. Kuyambira pamenepo anayanjana ndi anyamata amene ankawazunza aja.

Kodi ndiye kuti maphunziro alibe ntchito?

Ayi, ndipo pano tiyenera kunena zoona. Paul mwiniwake, ngakhale ankadana ndi Himmelstoss, amavomera kuti akanapita kungalande osadutsa m'milungu 10 ija, ambiri akanapenga misala. Kuvutika limodzi kunawalimbitsa, ndipo kunabala chinthu chimene iye amachiona kuti ndi chabwino kuposa zonse chimene nkhondo inawapatsa: ubale. Anyamata amene anagwa m'matope limodzi anaphunzira kugawana buledi ndi kusasiyana pamavuto.

Kubwereza chinthu kambirimbiri kulinso ndi cholinga. Poti mantha amasokoneza mutu, aphunzitsi amafuna kuti manja aidziwe ntchito paokha. Msilikali amene wamasula ndi kumanga mfuti yake maulendo osawerengeka akhoza kuikonza mumdima, manja akunjenjemera. Masiku ano asilikali, kuphatikizapo athu amene amaphunzira ku Malawi Armed Forces College ku Salima, saphunzira kuguba kokha. Amaphunzira kuwerenga mapu, kuyenda m'tchire, kuthandiza mnzawo wovulala, ndiponso malamulo a nkhondo amene amaletsa kuvulaza anthu wamba ndi adani amene agonja. Zonsezi zimapulumutsa miyoyo. Chimene alembi akutiuza sikuti maphunziro ndi achabe. Akutiuza kuti pali malire amene maphunziro amalekezera.

Malire aakulu kwambiri ndi awa. Kukampu chimene umawombera ndi pepala kapena thabwa. Chimene umabaya ndi mpeni wa kumfuti ndi thumba lodzaza udzu. Thumba silifuula, lilibe dzina, palibe amene akulidikira kunyumba. Usiku wina Paul anasochera pakati pa ngalande za Ajeremani ndi za Afalansa, n'kubisala m'dzenje limene bomba linakumba. Msilikali wa ku France anagweramo, ndipo Paul, mwa mantha, anamubaya asanaganize. Manja anachita zimene anaphunzitsidwa. Koma kunja zipolopolo zinali zikuuluka, moti sakanatha kutulukamo. Anakhala m'dzenjemo maola ambiri ndi munthu amene anali kufa pang'onopang'ono. Anamupatsa madzi, anayesa kumumanga mabala. Munthuyo atamwalira, Paul anatsegula kachikwama kake n'kupezamo makalata ndi zithunzi za mkazi ndi kamtsikana kakang'ono. Dzina lake linali Gérard Duval, ndipo ntchito yake inali yosanja zilembo kumalo osindikizira mabuku. Mdani uja anali bambo wa mwana wina ngati inu. Palibe kopolo amene anamukonzekeretsa Paul za tsiku limenelo, ndipo sindikhulupirira kuti alipo amene angathe.

Nkhani zomwezi kuno ku Africa

Mlembi wa ku Nigeria, Ken Saro-Wiwa, anatulutsa buku lotchedwa *Sozaboy* mu 1985. Dziko lake linali litadutsa m'nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1967 mpaka 1970. Mnyamata wa m'bukuli, Mene, ndi wophunzira kuyendetsa lole wa m'mudzi wa Dukana. Amasirira asilikali akuguba ndi kuimba, amasirira yunifolomu, ndipo amafuna kuti mkazi wake Agnes ndi anthu a m'mudzi azimulemekeza. Amalipira ngakhale ndalama kuti amulembe. Kukampu amanyadira mfuti yake. Kunkhondo amapeza njala, madambo, ndi ndege zoponya mabomba, ndipo samvetsa n'komwe chimene akumenyera. Pobwerera kwawo amapeza mayi ake ndi Agnes anamwalira.

Nkhondo imene Remarque analemba ija inafikanso kwathu kuno, ndipo makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a boma la atsamunda otchedwa King's African Rifles anamenyana ndi asilikali a Ajeremani ku Karonga. Kwa zaka zinayi zotsatira amuna a dziko lino, limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, anayenda mitunda italiitali m'maiko amene lero ndi Tanzania ndi Mozambique, akuthamangitsa gulu la mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck. Ena anali asilikali, koma ochuluka kwambiri, pafupifupi 200,000, anali amtengatenga osenza katundu pamutu. Ku Zomba asilikali anaphunzira kuguba ndi kuwombera, koma m'tchire muja chimene chinapha anthu ambiri sizinali zipolopolo. Anali malungo, kamwazi, njala ndi kutopa. Chipilala chachitali cha King's African Rifles chimene chili ku Zomba chimakumbutsa za amene sanabwerere.

Akatswiri a mbiri yakale amanena kuti magule monga malipenga, mganda ndi beni anatengera zambiri ku perete wa asilikali: mizere, zovala zofanana, maudindo a atsogoleri, ndi malipenga opangidwa ndi zikho. Mukadzaona gule wa malipenga ku Nkhata Bay mudzayang'anitsitse mapazi a ovinawo. Kuguba kunatheka kubwera nako kumudzi n'kukusandutsa chisangalalo. Za kamwazi ndi anzawo amene anatsala m'njira, zimenezo zinalibe gule.

Mbewa m'nyumba yoonetsera kanema

Paul Bäumer amafa mu Okutobala 1918, kutatsala milungu yochepa kuti nkhondo ithe pa 11 Novembala. Buku la Remarque litatuluka linagulidwa makope oposa miliyoni imodzi m'chaka choyamba, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Mu 1930 Lewis Milestone anapanga filimu yake ku America, imene inapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana onse chaka chimenecho.

Koma si onse anakondwera. Chipani cha Nazi cha Adolf Hitler chinkafuna kuti anyamata a ku Germany azisirira usilikali monga mmene Kantorek ankafunira, ndipo buku loonetsa msilikali akulira ndi mantha linkawaonongera zolinga. Mu Disembala 1930, filimuyi ikuonetsedwa ku Berlin, mmodzi mwa akuluakulu a Nazi, Joseph Goebbels, anatsogolera anyamata a chipanicho kukasokoneza. Anaponya timabomba tonunkha ndipo anamasula mbewa zoyera pakati pa oonerera kuti anthu abalalike. Patangopita masiku ochepa boma linaletsa filimuyo. A Nazi atatenga boma mu 1933 anatentha mabuku a Remarque pagulu mu Meyi chaka chomwecho. Iye anali atasamukira kale ku Switzerland, ndipo mu 1938 anamulanda unzika wa dziko lake.

Bukuli silinafe. Mu 2022 wopanga mafilimu wina, Edward Berger, anapanganso filimu yake m'Chijeremani, ndipo inapata mphoto zinayi za Oscar. Mafilimu amenewa ali ndi zithunzi zoopsa zimene si za msinkhu wanu, choncho musawaonere panokha popanda chilolezo cha makolo. Koma bukulo, mukadzafika kusekondale, mudzalifunse kwa aphunzitsi anu a Chingerezi kapena kulaibulale, ndipo mudzawerenge mosathamanga gawo limene Kat akuphunzitsa anyamata atsopano kumvetsera kulira kwa mabomba.